Ndinatuma amuna anga kumsonkhano wa oimbira mpira

Aphungu,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi Nsaru, ndipo ndimaimbira mpira wa manja. Ndinayamba ndi timasewero ta atsikana a kumpingo, kenako ndinalowa m'bungwe la oimbira mpira la dera lathu lino, lomwe limatigawira masewero ku Kabudula, ku Nambuma mpaka ku Namitete. Sikudzitama ayi, koma wezulo ndimaitha. Chaka chino anandisankha kuti ndidzaimbire fayinolo ya chikho cha atsikana kumapeto a Ogasiti, ndipo mudzi wonse ndinauuza kale.

Bungwe lathu limakumana Loweruka loyamba la mwezi. Lamulo ndi lakuti ukajomba misonkhano itatu motsatizana, amakuimitsa kuimbira kwa miyezi iwiri. Tsiku lokhazikitsa lamuloli nanenso ndinakweza dzanja, sindikana. Koma Aphungu, Loweruka la kumudzi mukulidziwa inu. Mu Meyi kunagwa maliro kwa amalume. Mu Juni ndinali mlangizi pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali. Mu Julaye amayi a Chigwirizano tinkaphikira alendo kumpingo, ndipo miphika ya ndiwo inali m'manja mwanga.

Komatu sindinangokhala. Kwathu kuno kukakhala msonkhano wa pamjigo, wa kusukulu kapena kuumba njerwa, nyumba imatumiza munthu mmodzi ndipo amati banja lakuti lafika. Ndiye maulendo atatu onsewo ndinatuma amuna anga a Ackson. Iwo ndi akamwini, kutumidwa anakuzolowera, sanyinyirika.

Ntchito anaigwira ndithu. Akaitana dzina langa ankayankha kuti, "Alipo!" Pamsonkhano wa mu Julaye oimbira onse anauzidwa kuti athamange kuzungulira bwalo pofuna kuona amene ali ndi mphamvu. A Ackson anapinda thalauza, anathamanga m'malo mwanga, ndipo anakhala achiwiri. Anabwera akutsimphina koma akumwetulira, n'kundiuza kuti, "Mayi a Getrude, mwakhoza. Mpweya muli nawo."

Sabata yatha mlembi anandiimbira foni kuti ndaimitsidwa ndipo fayinolo aipereka kwa wina. Ndinachita ngati ndathiridwa madzi ozizira. Nditaimbira wapampando wathu, a Chakufwa, anaseka kaye kenako anati, "Mayi, amuna anu timawakonda, amatiseketsa. Koma ife tinkadikira mwini wezulo." Anandiuza kuti komiti ikumana Loweruka likudzali, ndipo ndikakaonekera n'kufotokoza, mwina atha kuganizanso.

Vuto ndi lakuti Loweruka lomwelo tikukamanga chiliza cha agogo ku Nambuma, ndipo mbumba yonse ikundiyembekezera. A Ackson akuti, "Kukomitiko ndipite ndine. Amandidziwa, ndipo ndimadziwa kolowera." Kunena zoona, pakamwa pawo mpotsekemera kuposa panga.

Kodi ndiwatume? Nanga ndinalakwa chiyani kwenikweni? Fayinolo imeneyi ndakhala ndikuilakalaka chiyambireni kuimbira, ndipo mtima ukundipweteka.

T. M., Nsaru

Mayi T. M.,

Dzina mwalibisa bwino, koma sindikukhulupirira kuti kuyambira ku Nsaru mpaka ku Namitete kuli amuna awiri amene anathamangapo m'malo mwa akazi awo. A Ackson muwapatse moni wanga. Amuna otere ndi osowa, muwasunge.

Koma musawatume. Ndabwerezanso, musawatume.

Munalakwa apa. Msonkhano wa pamjigo umafuna nyumba, ndiye aliyense wa m'nyumbamo akhoza kupita. Msonkhano wa oimbira umafuna maso anu, miyendo yanu ndi mutu wanu. Kumeneko n'kumene amakumbutsana malamulo, kuwongolerana zizindikiro za manja ndi kukambirana zimene zinavuta pamasewero apitawo. Zonsezo zinalowa m'mutu mwa a Ackson, pomwe pabwalo mumaima ndinu. Tandiuzeni, mtsikana atakankha mnzake pansi pa golo, inu n'kuimba wezulo, iye n'kunena kuti chilango chake chipite kwa mng'ono wake amene wakhala panja, mungavomere? Mungamuyang'ane ndi diso lija ana anu amaliopa.

Chimene chinakupusitsani n'chakuti mwambo wotuma munthu ndi wabwino, ndipo simunachite mwamwano. Mwangoutengera kolakwika. Tsono ubwezereni kwawo. Kuchiliza n'kumene nthumwi imaloledwa, ndipo mkamwini wonyamula mchenga ndi kusakaniza simenti salandiridwa ndi nkhope yokwinya. Musadikire Loweruka. Pitani kwa akuluakulu a mbumba mawa lomwe, mukhale pansi, muwafotokozere kuti m'mawa kufika a Ackson ndi ana, inu mufika masana mukachoka kukomiti. Ena adzang'ung'udza, koma akakuonani mukutulukira ndi chitenje m'chiuno adzaiwala.

A Chakufwa muwaimbire lero kuti mubwera nokha. Mukafike msanga, ndipo nsapato zothamangira zikhale m'chikwama. Mawu anu oyamba akhale opepesa, osati ofotokoza. Musakayerekeze kunena kuti lamulo simunkalidziwa, chifukwa dzanja lanu analiona m'mwamba. Mukapepesa, funsani ngati maliro a amalume sangawerengedwe padera. Mabungwe ambiri amamvetsa za maliro munthu akadziwitsa, ndipo akakuchotserani umenewo mwatsala ndi iwiri. Kenako pemphani nokha kuti akuyeseni, pa malamulo ndi pa liwiro pomwe. Mukazungulire bwalo lija iwo akuona. Ngakhale mutakhala womaliza, mpweyawo udzakhala wanu.

Komiti nayonso ili ndi kake. Anawalandira a Ackson katatu konse, kuwapatsa mpando, kuwasiya athamange, popanda wokutumizirani uthenga kuti zimenezi sizikuwerengedwa. Anakomedwa ndi nthabwala. Zimenezi mukazinene kamodzi kokha, mwaulemu, kumapeto, ndipo mukapemphe kuti azinena poyera kwa mamembala onse kuti nthumwi siloledwa komanso kuti munthu wogweredwa vuto azidziwitsa ndani. Ndikukutsimikizirani kuti si inu nokha m'bungwemo amene munaganizapo zotuma munthu. Inu munangokhala ndi womutuma womvera.

Akhoza kukukanirani, ndipo mukonzekere zimenezo. Mnzanu amene wapatsidwa fayinoloyo anasiya zake n'kumapita kumisonkhano, ndiye kumulanda sikophweka. Zikatero musakwiye n'kutaya wezulo. Miyezi iwiri si zaka. Tsiku la fayinolo mupite, mumugwire dzanja mnzanuyo, mukhale pansi n'kuonerera, osamuimbira mpira ndi pakamwa muli kunja kwa bwalo. Chikho chidzabweranso chaka chamawa, ndipo komiti imakumbukira munthu amene analandira chilango mosachita phokoso.

Chenjezo langa ndi ili. A Ackson adzakuuzani kuti angokuperekezani panjinga, akangopereka moni kwa anzawo. Za moniwo musalole. Akangolowa m'chipindamo, komiti idzayamba kuseka, nkhani idzasanduka yawo, ndipo inu mudzabwerako osatsegula pakamwa. Akutsitseni pamsewu, muwaone ndi maso anu akukhotera ku Nambuma, kenako mukagogode nokha.

Aphungu