Zomangira Mawondo Zolira Ngati Chitseko

Msuweni Jovsset,

Ndikupereka dandaulo, ndi ulemu wonse wa digiri yanga, pa zomangira mawondo unatumizira bambo zija. Zimalira ngati chitseko cha tchalitchi, mpaka mphalapala zathu zoweta kubalalika.

Kuno ku Kautokeino, kumpoto kozizira, tili bwino. Bambo amazivala ndithu, koma sangagwadenso pampando wa njinga yamoto yoyenda pachipale chofewa kuti aone ziweto patali. Amayendetsa chokhala. Akuti, "Sunná, ndasanduka mlendo wodzajambula zithunzi." Tinaseka, kenako anandipatsa mpeni wawo wodulira zizindikiro m'makutu a mphalapala. Adokotala akuti vuto si mawondo okha. Zinazo udzamve wekha, koma usachedwe.

Ndikufuna chipukutamisozi: mawondo awiri atsopano, ndi nyengo yozizira ina imodzi yoti bambo awagwiritse ntchito.

Wako wokwiya,
Sunná