Mafomu a Bambo Dorsey ndi Mndandanda wa Mamembala

Komiti ya Bungwe la Opuma Ntchito za Boma, Nthambi ya Toledo, Ohio
Tsiku: Lachiwiri, 14 Novembala 2023
Malo: Chipinda chapansi cha tchalitchi
Opezeka: Bambo Wendell Pruitt (Wapampando), Mayi Loretta Haskins (Mlembi), Bambo Odell Baptiste, Mayi Marjorie Tillotson
Opepesa: Bambo Gene Kowalczyk

1. Kutsegula
Msonkhano unayamba 10:05 m'mawa.

2. Kuitana mlendo
Wapampando anapempha kuti tiitanenso Bambo Dorsey, wogulitsa inshuwalansi. Anati amathandiza mamembala kugwirizanitsa Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba, ndi ya kuntchito imene tinapuma nayo.

Bambo Baptiste anati, "Munthu wobwera ndi keke yaulere kawiri konse, a Wendell, ine ndimayamba ndagwira thumba."

Mayi Tillotson anatulutsa fomu imene Bambo Dorsey anawalembera kunyumba kwawo, atawauza kuti kulipira inshuwalansi ziwiri n'kutaya ndalama. Bambo Baptiste, amene anagwira zaka 31 mu ofesi yoona za antchito, anaiwerenga kawiri. Anati pachongedwa pa kuthetsa inshuwalansi ya kuntchito, osati pa kuimitsa kaye. Woimitsa amatha kubwerera, wothetsa sabwereranso.

Mayi Tillotson anati amuna awo amatsukidwa magazi katatu pa sabata, ndipo amadalira inshuwalansi yomweyo. Mlembi anafunsa ngati fomu ina inatumizidwa kale.

"Ayi, ndi yomweyi. Ndinangosowa sitampa," anatero.

Fomuyo inang'ambidwa.

3. Mndandanda wa mamembala
Bambo Baptiste anafunsa kuti Bambo Dorsey anadziwa bwanji nyumba ya Mayi Tillotson, poti mndandanda wa mamembala amasunga anthu awiri okha, Mlembi ndi Wapampando. Mlembi anati wake amaukiyira m'kabati. Wapampando anati sakukumbukira.

"Nanga Denise, mwana wanu uja, anakwatiwa ndi ndani?" Bambo Baptiste anafunsa Wapampando.

Wapampando anati za banja si za komiti, ndipo anapempha kuti funsoli lisalembedwe. Mlembi walilemba.

Komiti inagwirizana kuti Bambo Dorsey asaitanidwenso, ndiponso kuti mamembala onse 86 aimbiridwe foni yowachenjeza lisanafike Lachisanu. Wapampando sanavote.

4. Zina ndi zina
Bambo Baptiste anapempha Wapampando kuti atule udindo, ndipo anene zimene mkamwini wawoyo, Bambo Dorsey, anawapatsa.  Wapampando anavomera kuti mndandanda anapereka ndi iwo, koma sanalandire kanthu. Anafunsa Bambo Baptiste kuti abwereze za kuthetsa zija. Bambo Baptiste anabwereza.

"Fomu yanga anaitumiza kale yekha Dorsey, mu Seputembala," anatero Wapampando.

Bambo Baptiste anabweza pempho lawo. Anati mawa m'mawa apita kunyumba kwa a Pruitt kuti akaimbire limodzi ofesi ya penshoni, koma sanalonjeze kanthu.

5. Kutseka
Msonkhano wina udzakhala pa 28 Novembala. Uno unatha 11:20, ndipo anautseka ndi Mlembi, osati Wapampando.

W. Pruitt, Wapampando
L. Haskins, Mlembi