Chipata cha Mabwana

Sussex,
14 Ogasiti 1876

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira chifuwa chija chayamba kukusiyani. Kuno ine ndili bwino, ntchito yoponya mpira wa kriketi ikadalipo.

Mwandifunsa ngati ndaonana ndi mng'ono wanga Ambrose. Ndaonana naye, Amayi. Sukulu ija anamulipirira amalume yamusandutsa bwana. Amasewera m'timu mwathu momwemo, koma iye ali m'gulu la mabwana osewera mongodzisangalatsa, ine ndili mwa olembedwa ntchito. Ndiye mtsogoleri wathu tsopano. Kusewera amatha, sindinganame: kumenya mpira amamenya, kuponya amaponya, manyuzipepala sakhala osamutchula. Amaiwala kulemba kuti anaphunzirira kuseri kwa khola lathu la nkhosa, ine ndikumuponyera mpaka phewa kuwawa.

Loweruka tinapambana. Iye anaponya mpira womaliza, wa timu inayo anaumenya, ine ndinauwakha usanagwe pansi, bwalo lonse linaimirira. Chisangalalo chinandipusitsa. Ndinamukoleka mkono paphewa ngati kale, tikutuluka limodzi, osazindikira kuti ndafika pachipata cha mabwana. Chathu antchito chili kumbali, pafupi ndi zimbudzi.

Mlonda ananditchingira ndi ndodo. "Wasochera, Jabez. Kapena wagona wantchito, wadzuka bwana?"

Anthu anaseka. Ine ndinangoyang'ana Ambrose, kudikira mawu amodzi okha.

Anachotsa mkono wanga ndi zala ziwiri, ngati akuchotsa mbozi pamalaya. "Ollerenshaw," anatero, kundiitana ndi dzina la banja lathu ngati mlendo, "tenga nsapato zangazi ukazipukute. Uzisiye pakhomo, usalowe."

Bwana mnzake wina wa ndevu anamufunsa, "Mukufanana dzina, kodi ndi wachibale?"

"Ayi ndithu," anayankha akuseka. "Kumpoto kuja aliyense ndi Ollerenshaw, ndi nkhosa zomwe."

Amayi, ndakhala ndikudya panja iwo akudyera m'nyumba zaka zonsezi osadandaula, poti ndi mwambo wa masewerawa. Koma munthu amene ndinkamupukuta mamina! Nsapatozo ndinapukuta, musadabwe, ndili ndi ana.

Madzulo ake ndinamupeza yekha akudikira ngolo. Ndinamuuza kuti mukudwala, ndipo mukufuna kumuona Khirisimasi isanafike. Ndinayesanso kumupatsa kaphukusi kanu kaja. Anayang'ana uku ndi uku, nkunena chapansipansi, "Achimwene, pano ayi. Mundiwonongera zonse." Uchimwene wake umatuluka pokhapokha palibe womva.

Ndiye musamavutike kukhala pazenera masiku obwera sitima, mphepo ingakuwonjezereni chifuwa. Ine ndibwera masewera akatha, pamodzi ndi mpongozi wanu Tabitha ndi ana.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Keziah ndi onse a kutchalitchi. Tabitha akupereka moni, ana akupereka moni. Moni wina ndilibe woti ndikupatsireni.

Masokosi munalukira Ambrose aja, a m'kaphukusi kaja, ndi ofunda kwambiri, dzanja lanu silinasinthe. Ndikudziwa chifukwa ndawavala ine.

Ndine mwana wanu,
Jabez