Zimene Ndinadyetsa Ana a Eni

Lolemba, 2 Juni 2014

Kuzizira. Kuno ku Manjawira Juni amaluma, kwathu ku Bwanje juzi sitiidziwa. Chikwatiwireni kuno sindinazolowerebe.

A Christobel, mlezi mnzanga, apita kuboma kukadwazika mayi awo. Sukulu yonse ya mkombaphala yatsala ndi ine. Andisiyira buku la zithunzi lija tinalandira ku maphunziro a alezi, la maso, makutu, mphuno, manja ndi lilime. Ati tsiku lililonse chiwalo chimodzi. Kuwerenga pang'ono, kenako masewera.

Lero maso. Ndawerenga tsamba loyamba, ana ali phee pamphasa. Kenako kutuluka, aliyense akafune chinthu chofiira. Paison wabwera atakumbatira tambala wa eni ake. Ndaseka mpaka misozi. Ndikakhala ndi ana mawu amatuluka okha. Pamaso pa akuluakulu amakanirira pakhosi.

Amuna anga, a Wilfred, sanaimbe. Mwina ku Joni ntchito yachuluka.

Lachiwiri, 3 Juni

Makutu. Zitini zakale za mkaka, china timiyala, china nyemba, china mchenga. Ana kutsinzina, ine kugwedeza. Sumaya, mwana wa a Zena apagolosale, sanaphonye n'kamodzi komwe. Paison amasuzumira pakati pa zala.

Kunyumba zii. Apongozi mawu awo ndi moni wa m'mawa ndi kundikumbutsa kutsekera nkhuku. Si oipa. Kungoti sindine wakuno. Wondiyankhulitsa ndi Tikondwe yekha, kamdzukulu kawo kamene ndimapita nako kusukulu.

Lachinayi, 5 Juni

Dzulo mphuno, lero manja. Thumba lakale la ufa, m'kati chitsononkho, nthenga, thonje, mwala wakumtsinje. Kupisa dzanja osayang'ana. Tikondwe atagwira thonje anakuwa kuti khoswe. Onse balalabalala, kenako onse kulimbirana thumba.

Mawa lilime. Ndagula shuga pang'ono ndi paketi ya soya kwa a Zena. Ndalama ya sopo yathera pomwepo. Bwemba ndi malambe ndi zija amayi ananditumizira kuchokera ku Bwanje.

Lachisanu, 6 Juni

Chibwerereni kuno sindinasangalalepo ngati lero.

Poti Paison amasuzumira, ndinang'amba chitenje chakale n'kumawamanga m'maso. Mmodzimmodzi, m'kachipinda kosungira ufa wa phala, kuti enawo asaone. Kanthu kakang'ono palilime, iye anene dzina lake. Bwemba, nkhope zonse khwinyakhwinya. Soya wokazinga Paison anafuula kuti nyama, n'kupempha wina. Aliyense potuluka ndimamunong'oneza kuti asauze munthu zomwe wadya. Akadziwiratu, masewera akoma bwanji?

Ndabwerera ndikuimba panjira. Pakhomo woti ndimufotokozere palibe.

Lolemba, 9 Juni

Ana ochepa. Phala latsala theka la poto. Ndimayesa chimfine.

Kumjigo amayi anali pa nkhani, nditafika onse duu. Mayi a Paison anasuntha ndowa yawo kuti isagundane ndi yanga.

Lachitatu, 11 Juni

Lero Sumaya yekha. Ngakhale Tikondwe apongozi amukaniza. Awiri pamphasa yaikulu. Ndamuwerengera buku lonse, n'kubwerezanso.

Ndinamuperekeza kugolosale. A Zena anandilowetsa kuseri kwa matumba a shuga. Akuti Paison anakauza mayi ake kuti aphunzitsi anatilowetsa m'kachipinda, anatimanga m'maso, anatidyetsa nyama, n'kutiuza kuti tisauze munthu. Mwanayo sananame. Cholakwika ndi nyama yokhayo.

"A Namoyo, munakulira kuti inu? Simudziwa amene amadyetsa ana a eni nyama mobisa?"

A Zenawo akudziwa kuti anali soya, anandigulitsa okha. Koma akuti akamawauza, anthu akumati wagolosale sangalephere kuikira kumbuyo kasitomala wake.

Liwu lenilenilo sanalitchule. Ndilemba ndekha. Mfiti.

Nkhani zimenezi ndinayamba kuzimva ndili kamwana. Zinandithawa bwanji m'mutu? Ine ndimangoganiza za nkhope zawo akalawa bwemba.

Lachisanu, 13 Juni

Komiti ya sukulu, pansi pa mtengo wa mango kutchalitchi. A Edson, apampando, anandipempha mwaulemu kuti ndifotokoze. Ndinaimirira. Buku m'manja, kapepala ka soya m'chitenje. Mawu onse ndinali nditawakonza panjira. Maso a anthu onse pa ine. Ndinangoti anali masewera. Basi. Wina kumbuyo anati mwaonatu, akusowa chonena.

A Edson ati ndipume kaye mpaka a Christobel abwere. Kiyi ndapereka.

Lamulungu, 15 Juni

A Wilfred aimba. Nkhani inawafika kale ku Joni ine ndisanatsegule pakamwa. Ati ndingosiya, ntchito yongodzipereka isaipitse dzina la banja, ndizikhala pakhomo. Kuti zinayenda bwanji sanafunse. Ndinafuna kunena kuti ana aja ndiwo anthu anga kuno. Foni inaduka.

Kutchalitchi ndinakhala motakasuka, malo mbali zonse ziwiri. Apongozi ayamba kumuphikira Tikondwe m'mphika wina.

Lolemba, 23 Juni

Cholemba panalibe. Kusesa, kutonola chimanga, kusesanso. M'mawa ndimadzuka ngati ndikupita, kenako ndimakumbuka. Tikondwe akandiona amabisala kuseri kwa nkhokwe.

Zobwerera ku Bwanje ndaganizapo. Koma ndikapita adzati zinali zoona.

A Christobel abwera dzulo. Anayamba ndi kukalipa. "Inunso a Namoyo, kachipinda n'kachiyani? Za ana zimachitikira poyera, wodutsa aliyense aziona." Kenako anakhala nane pakhonde n'kumatonola nawo. Akuti Loweruka aitanitsa makolo onse, ine ndikafotokoze. Ndinati sindingathe, mawu akandithawanso. Anati nanga mungathe chiyani?

Ndaganiza tsiku lonse. Kuyankhula sindingathe. Kukhala pamphasa n'kuyasama ndingathe.

Loweruka, 28 Juni

Anabwera ambiri, ena kudzangoonerera. A Christobel anawerenga tsamba la lilime, n'kuonetsa timbale: mchere, shuga, bwemba. Soya anakazinga a Zena, onse akuona. Kenako anandikhazika pamphasa n'kundimanga m'maso. Anati aliyense wofuna, mwana kapena wamkulu, abwere andiike kanthu palilime.

Mdima. Anthu amene akunditcha mfiti, ine ndawayasamira ngati kamwana ka mbalame. Nthawi yaitali palibe anasuntha. Ndinkangomva mbuzi, munthu akutsokomola, galimoto kumsewu. Nsagwada zinayamba kuwawa.

Kenako tizala tating'ono tonunkha mtedza. Ndinati mchere. Ana m'manja phwaphwaphwa. Wina shuga. Wina bwemba.

Ndiye zala zokhakhala, za munthu wamkulu. Moto. Tsabola wa kambuzi, ndipo m'timbale munalibe. Misozi inanyowetsa nsalu yonse, mamina chuchuchu. Ndinafuna kulavula. Ndinameza. Ndinati tsabola. Wina anayamba kuseka, kenako ambiri.

Pobwerera a Christobel andiuza kuti anali mayi a Paison. Anabwera naye atamangirira kunsonga ya chitenje. Akuti ananena kuti amafuna aone ngati ndimalira ngati anthu.

A Edson ati ndiyambe Lolemba. Koma zolawitsa ana zathera pomwepa, tsamba limenelo tizilidumpha.

Lilime likadali kuyaka.

Lolemba, 30 Juni

Abwera, si onse. Tikondwe ayi. Apongozi ati akutsokomola, ine chifuwacho sindinachimve.

Paison wabwera, mayi ake atamugwira dzanja. Moni sanandipatse. Kuchokanso sanachoke. Anaima pawindo, manja atapinda, m'mawa wonse. A Christobel anandipatsira dala buku, iwo n'kupita kukatakasa phala.

Munthu wamkulu akundiyang'ana. Zilembo ngati nyerere zikuyenda. Ndinayang'ana ana okhaokha, ndinayamba. Timawu tating'ono, tonjenjemera, koma tinatuluka. Tsamba la mphuno. Ndinafunsa kuti ana inu, mphuno ntchito yake n'chiyani? Ana asanayankhe, mawu kuchokera pawindo:

"Kumina. Aphunzitsi anuwo akudziwa bwino, ndinawaona Loweruka."

Ana kugubuduka ndi kuseka. Ine maso pansi. Kaya kunali kundinyoza, kaya ndi mmene anthu akuno amayambira macheza, sindikudziwa. Ndilibe womufunsa.

Poweruka ndinauza ana kuti mawa tidzanunkhiza masamba a ndimu. Mayi aja anati ndisavutike, mtengo uli kwawo, abwera nawo okha. Akuti afuna aziona ndi maso awo zolowa m'mphuno mwa mwana wawo.

Mawa ndiika kampando pansi pa windo.