Kasupe wa Mayi Perpetua

Honiara
9 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo. Kodi mwendo uja ukuvutabe m'mawa? Azakhali atabwera kuchokera kumudziko mwezi watha anandiuza kuti mwayamba kuyendera ndodo popita kumunda. Ndaika kabotolo ka mafuta opaka m'thumba limodzi ndi kalatayi. Ine ndili bwino, kungoti msana ukuwawa chifukwa cha zigubu za madzi.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni mawu amandithawa, inu mukundidziwa. Ndiye muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye.

Kumsika zikuyenda pang'onopang'ono. Ndikukazingabe nsomba ndi chinangwa pa benchi ya azakhali. Pambali panga pamakhala mtsikana wa konkuno pachilumba cha Guadalcanal, dzina lake Sabina, amagulitsa zinanazi. Amanditcha Wailesi poti tsiku limatha ndisanayankhule mawu khumi. Poyamba ndinkamuopa chifukwa cha zimene mumatiuza za anthu a kuno, koma iye ndi amene amandilondera mafuta pamoto ndikachokapo.

Nkhani yake ndi ya madzi. Kuphiri kumene tikukhala kuli nyumba zoposa zana. Ambiri ndife a kuchilumba chathu cha Malaita, koma aliponso a ku Temotu, a ku Makira, a kuzilumba za kumadzulo ndi a mtundu wa Chigilibati. Tonse timatunga mumtsinje wa kumunsi, momwenso anthu amachapa. Mwezi wa Marichi ana ambiri anatsegula m'mimba, ndipo mwana wa mayi wina wa ku Temotu tinamuika m'manda.

Zitachitika zimenezo kunabwera mayi wa boma woona za madzi, kwawo kuchilumba cha Isabel. Anati mapaipi alipo, koma sawapereka kwa mtundu umodzi. Tipange komiti, chilumba chilichonse mpando umodzi, kaya muli ambiri kaya muli ochepa. Amuna a kwathu anang'ung'udza kuti ife ndife theka la phiri lonse, tingafanane bwanji ndi anthu a nyumba zisanu ndi imodzi. Mayiyo anayankha kuti ludzu siliwerenga nyumba. Pampando waukulu tinasankha bambo Tebano a Chigilibati. Iwo anaseka n'kunena kuti mwandisankha chifukwa palibe amene amandiopa, ngakhale mkazi wanga. Mpando wa Malaita anakhalapo ang'ono anu, bambo Ofasia.

Tinakumba ngalande ya paipi masabata atatu, tonse pamodzi. Chibwerereni kuno ndinali ndisanaone amuna a kwathu akudya m'mbale imodzi ndi a ku Makira. Ankanyozana tsiku lonse, awa akuti inu mumangodziwa nthochi, awa akuti inu mumangodziwa ndewu, koma makasu sankaima.

Kasupe amene tikufuna kutengako madzi ali kunja kwa malire a tauni, pa nthaka ya eni dziko. Mayi wa boma uja anatiuza kuti pepala lake ndi la mapaipi okha, kasupe tikapemphe tokha kwa eni ake. Bambo Ofasia anati zimenezo tiwasiyire iwo. Anatenga amuna ena atatu, ndipo ine ananditenga kuti ndisenze dengu ndi kuwalondolera njira, poti mudzi wa eni kasupewo ndi kwawo kwa Sabina ndipo ndinapitako kawiri.

Bambo, apa ndi pamene ndinalakwa. Ine ndinkadziwa kuti kuno nthaka imayenda ndi akazi, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wake wamkazi, osati ngati kwathu. Ndinkadziwanso kuti kasupeyo ndi wa mayi ake a Sabina, mayi Perpetua. M'njira ndinatsegula pakamwa kawiri kuti ndinene. Koma bambo aang'ono anali patsogolo akukonza mawu oti akayankhule, ndipo ndinaganiza kuti mwana wamkazi ngati ine ndingawaphunzitse chiyani. Ndinangosenza dengu langa n'kumawatsatira.

Titafika tinapeza mayi Perpetua atakhala pansi pafupi ndi khitchini akupala chinangwa. Amuna awo, bambo Kasiano, anali pakhonde akunola chikwanje. Anthu athu anawadutsa mayiwo osawapatsa moni, n'kukakhala pakhonde. Ine ndekha ndi amene ndinagwada n'kuwalonjera. Bambo Ofasia anayankhula bwino kwambiri, sindinama, mwina maola awiri. Bambo Kasiano ankangoti eya, eya, uku akuyang'ana kwa akazi awo. Pakati pa nkhani bambo aang'ono anatembenuka n'kuitana kuti mayi inu, tipatseniko madzi akumwa. Mayiwo anadzuka, anabweretsa madzi m'ketulo, n'kubwerera ku chinangwa chawo.

Pepala litatuluka kuti asaine, bambo Kasiano anayamba kuseka. Anati achimwene, ine pano ndine mkamwini, changa ndi buluku ili ndi chikwanje ichi, mwini kasupe ndi uyo mwamutuma madziyo. Bambo aang'ono anachita manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene anawayankhulitsa zoipa. Ananena m'chiyankhulo chathu, poganiza kuti samva, kuti dziko lanji ili losiya nthaka m'manja mwa akazi. Mayi Perpetua anaika mpeni pansi n'kuwayankha m'chiyankhulo chathu chomwecho, chosalala kuposa changa. Anafunsa ngati madzi aja anali okoma. Kenako anati muwakumbukire bwino, chifukwa ena simudzawalawanso.

Tinabwerera chimanjamanja.

Kuchokera tsiku limenelo ngalande yathu yangokhala, mvula ikugumula m'mbali. Pamsonkhano wotsatira panali phokoso. A ku Temotu anati a Malaita kulikonse kumene mwapita mumaononga. Anyamata a kwathu anati tingokalumikiza paipiyo mwamphamvu, atiletse ndani. Wina anatchula za mfuti za nkhondo yakale ija ya pakati pa ife ndi anthu a kuno, ndipo ndinaona amayi ena akukoka ana awo. Bambo Tebano anagogoda ndowa n'kunena kuti aliyense wofuna nkhondo ayambe wasenza zigubu za mkazi wake sabata imodzi, akatsala ndi mphamvu abwere tikambirane. Akazi anaseka, amuna ena anaseka nawo, ndiye zinazizira pang'ono. Mayi wa boma anati iye sangakakamize mwini nthaka, ndipo tikapanda kugwirizana pofika kumapeto kwa Seputembala mapaipi apita kuphiri lina.

Patapita masiku anayi Sabina anabwera ndi uthenga kumsika. Akuti mayi ake sakhalanso pansi ndi amuna aja, koma atumize kamtsikana kanawapatsa moni kaja. Ndinamuuza kuti sindingathe. Iye anati iwe usavutike, mayi anga amayankhula za anthu awiri, iwe ukangopereka makutu.

Ndinapita Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Sanandiike pampando, anangondipatsa mpeni kuti ndiwathandize kusenda mbatata. Anandifunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Ndinatchula dzina lanu ndi la malemu amayi. Anafunsa kumene ndinabadwira. Ndinati kuminda ya kanjedza wa mafuta, kum'mawa kwa tauni, miyezi isanu tisanathawe nkhondo ija. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ndiye mchombo wako uli m'nthaka yathu, ndiwe mlendo wanji iwe.

Kenako anandionetsa mizati inayi yakuda kuseri kwa nthochi. Anati imeneyo inali nyumba yawo yoyamba, anaitentha amuna a kwathu ku Malaita chaka chotsatira ife titachoka. Mchimwene wawo anapita kutauni kukafuna mankhwala a mwana ndipo sanabwerenso, ngakhale mtembo sanauone. Ine ndinati nyumba yathunso inapsa, ndipo bambo anga anatuluka ndi malaya okha amene anavala. Anati akudziwa. Anati anyamata amene ankatentha nyumba za a Malaita anali ana a m'midzi yawo yomwe, ndipo ena a iwo anawaphikirapo chakudya ndi manja awo, sabisa. Tinasenda mbatata mpaka dengu linatha.

Ndisanachoke anandiuza zimene akufuna. Madzi sagulitsa, akuti kasupeyo anamupeza ndipo adzamusiya. Akufuna chupu, mulu uja wa zakudya ndi mphatso umene anthu a kuno amaunjika pabwalo pofuna kukonza zimene zalakwika. Chilumba chilichonse chiike chake ndi manja ake, chikutchulidwa dzina pamaso pa anthu. Gawo la Malaita linyamulidwe ndi mkazi, ndipo mkaziyo ayankhule. Chomaliza, m'komiti mukhale mpando wa eni kasupe, ndipo adzakhalapo okha. Anati amuna anuwo azolowere kundiona.

Komiti inavomera pokweza manja. Bambo Ofasia sanakweze dzanja, koma sanatulukenso, ndipo ine ndinaona kuti kwa iwo chimenecho chinali chachikulu. Pa za mkazi woyankhula onse anatembenukira kwa ine. Ndinafuna kulowa pansi.

Anzathu ayamba kale kusonkhanitsa. A ku Makira abweretsa mikoko ya nthochi, a kumadzulo nsomba ndi mtedza, a Chigilibati akuluka mphasa, a ku Temotu zipatso zawo zoumitsa zija. Nkhumba tipereka tonse. Koma inu mukudziwa kuti ife a Malaita tikafika pamulu wotere popanda tafuliae, mkanda wa zigoba zofiira za m'nyanja umene kwathu uli ngati ndalama ya pamwambo, ndiye kuti tatukwana kachiwiri. Amuna awiri kuno ali nayo mikanda. Onse akana. Akuti mkanda sunganyamulidwe ndi mtsikana wosakwatiwa amuna ali chikhalire. Wa bambo aang'ono unapita pa ukwati wa mwana wawo, zimenezo n'zoona.

Dzana bambo aang'onowo anabwera kumsika. Anaima pa benchi yanga nthawi yaitali, anadya nsomba imodzi, anadandaula kuti mchere wachepa. Pochoka, atatembenuka kale, anati lembera bambo ako. Anatinso ndikuuzeni kuti analakwa ndi iwo. Nditawauza kuti ine ndinkadziwa za mayi Perpetua koma ndinaopa kunena, anati ndikananena sakanandimvera, ndiye ndisadzivutitse.

Bambo, pempho langa ndi limeneli. Ndikupempha mkanda wa amayi.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Ndikudziwa kuti amayi anaumanga m'chiuno, ine ndili kumsana, pokwera sitima imene tinathawira ija, ndipo pa zonse za m'nyumba ija ndi wokhawo umene unafika kwathu. Ndikudziwa kuti mukuusungira achimwene a Jeriel kuti adzapereke kwa makolo a mkazi. Ndikudziwanso kuti munalumbira kuti phazi lanu silidzapondanso Guadalcanal, ndipo tsopano mwana wanu akuti mupereke chinthu chimenechi kwa anthu a konkuno. Sindikunena kuti muiwale. Mayi Perpetua nawonso sanaiwale, mizati ija sanaizule. Koma zija zinachitika ine ndili khanda, ndipo ana amene akumwa madzi a mumtsinje uja anali asanabadwe n'komwe. Tonse takhala paphiri limodzi, ndipo palibe amene akubwerera kwawo mawa.

Achimwene a Jeriel muwawerengere kalatayi, musawabisire. Akakana iwo, ndimva. Akalola, ine ndidzagwira ntchito pamodzi nawo mpaka tidzapeze wina, ngakhale zitenge zaka.

Chupu chidzachitika Loweruka pa 25 mwezi uno. Amuna awo a azakhali akwera sitima padoko la ku Auki kwanuko Lachinayi la sabata yomweyo, mungawapatsire iwo. Muukulunge m'nsalu, muuike pansi pa thumba la koko.

Mukakana sindidzakwiya, ndipo sindidzauza munthu kuti ndinapempha. Ndidzasenza koko yekhayo n'kukaima pabwalopo, mayi Perpetua adzaone okha chochita. Mawu oti ndikanene ndikuwayeserera ndikamatsika kukatunga madzi. Koma kwathu munthu akaimirira pagulu amayamba ndi kunena amene wamutuma. Ine ndikufuna ndikaimirira ndidzathe kutchula dzina lanu, ndi kunena kuti munthu amene nyumba yake inapsa ndi amene wandipatsa ichi kuti ndiike pamulu.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Jeriel, kwa achemwali ndi alamu, ndi kwa ana awo onse. Kamng'ono kaja mukauze kuti nsapato sindinaiwale. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa asuweni anga, ndi kwa amayi a kwaya amene ankaimba ndi malemu amayi. Bambo aang'ono ndi azakhali akupereka moni. Sabina nayenso wati ndikupatseni moni, ngakhale ndamuuza kuti sindikudziwa ngati muulandira.

Mafuta aja muzipaka m'mawa ndi madzulo. Lachinayilo ndidzatseka benchi msanga, ndidzakhala padoko sitima ikamafika.

Ndine mwana wanu,
Melvina