Mizere Inayi pa Mamba a Kansomba

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Thuchila tilipo, ngakhale chiperoni cha chaka chino chatilowa m'mafupa. Ino ndi nyengo yozizira yachitatu chichokereni inu.

Ndiyambe ndi zabwino. Agnesi, mzime wanu uja munkati sadzakula, ali ndi mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yeniyeni, kaliridwe nakonso n'ka munthu wosafuna kutsutsidwa. Nandolo tapeza wokwanira, koma chinangwa mbuzi za eni ake zinatithandiza kukolola.

Chimene ndakulemberani kwenikweni ndi damu lanu la nsomba. Achimwene, a Petulo, akufuna alikwirire, abzalepo nthochi mvula ikayamba. Akuti palibe chimene likutipatsa koma udzudzu. Ndinakangana nawo mpaka misozi, koma mumtima ndinkadziwa kuti sakunama. Chaka chonse chino sitinavuulemo nsomba yodzaza chikhatho.

Mukukumbukira mmene tinkanyinyirikira? Mwezi uliwonse munkalowa m'madzi mutakwinya chitenje, n'kukokolola timakumba ting'onoting'ono ndi dengu. Ife tinkatafuna timinga tokhatokha, zikuluzikulu zikusambira tikuziona. Tinkakunenani kumbali kuti ndinu aumbombo. Inu munkangoti damu ndi munda, wosapatulira sadya chimanga. Ine ndinkayesa ndi zonena za munthu wouma manja.

Ndiye mutapita ndinachita zanga. Zikuluzikulu tinavuula pa mwambo wa chiliza chanu, anthu anadya n'kuyamikira. Zotsalazo ndinalumbira kuti palibe amene azikhudze mpaka zitakula. Kansomba kakakodwa mu ukonde ndinkakabweza m'madzi, ndikuti ndi kamwana. Madeya ndinkathira m'mawa uliwonse, madzi n'kumachita kuwira ndi timilomo. Ndinkanyada, Amayi, kuti nsomba zanu zachuluka m'manja mwanga.

Sabata yatha ndinakaitana alangizi a za nsomba kuti adzandithandize kutsutsa achimwene. Ndi amayi achikulire, sachulutsa gaga m'diwa. Anagwira kansomba kamodzi kotalika ngati supuni ya tiyi, anachotsa mamba awiri atatu cha kumsana, n'kuwaika pansi pa kagalasi kokuzira zinthu. Anandiuza kuti kukazizira nsomba sizidya kwenikweni, ndiye kukula kumaima, ndipo pamamba pamatsala mzere, umodzi chaka chilichonse. Ndinakumbukira abambo akuwerenga zaka pachitsa cha mkungudza, masiku aja ankacheka matabwa ku Chambe. Ndinasuzumira, ndinawerenga kawiri. Mizere inali inayi, yothithikana.

Alangizi anati kameneka si kamwana ayi, ndi agogo. M'damu lopatuliridwa bwino, makumba osakwana ndi chaka chomwe amakaposa. Tanga tinachulukana mwakuti madeya ankangokwana kuti tisafe. Tinkaswana tili tating'ono choncho, ana ake n'kudzalimbirana nato chakudya chomwecho. Chifundo changa n'chimene chinatipinimbiritsa, ndipo ndinachita manyazi.

Koma pamenepo maganizo anga anapita pena. Nyengo zozizira zitatu chichokereni inu, mizere inayi. Ndiye kuti kansomba kameneka kanadyapo madeya ochokera m'dzanja lanu. Ine ndinkati ndikulera zidzukulu za nsomba zanu, osadziwa kuti zina ndi zomwe zija munkaziitana ndi mluzu. Ndinakhala pansi m'mbali mwa damu n'kuyamba kulira, alangizi anangoyang'ana kuphiri mpaka nditamaliza.

Loweruka tikuphwetsa damu. Achimwene avomera kundipatsa chaka chimodzi, ndipo akuti abwera okha ndi khasu kudzatsegula ngalande. Likauma tidzalowetsamo madzi ena n'kuikamo mbewu yatsopano ya nsomba yochita kuwerenga. Tinsomba tanu tigawira mudzi wonse, nane ndidyako. Mundikhululukire pokunenani zaumbombo zija. Mamba aja ndawasunga m'buku lanu la nyimbo.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani. Ndikulonjeza kuti mwezi uliwonse ndizilowa m'madzi ndi dengu lanu lija. Mwana wa Agnesi akadzamera mano, azidzatafuna timinga n'kumandinena kumbali.

Ine mwana wanu,
Felesi