Tsiku Lija Simunandifinye Dzanja

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo. Mkazi wa achimwene Yusufu anachira mwezi wa Ramadani, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Nandolo wa m'munda mwanu ku Nkaya wabereka bwino chaka chino, koma okolola ndi azakhali aja amene pa sadaka yanu anatha mbale ziwiri osagwetsa ndi msozi umodzi womwe. Achimwene mpaka lero amandiyankha ndi mphuno. Akuti ndine ndinakuperekani kumpeni.

Mwina sakunama. Inu opaleshoni ya chotupa chija munkaikana. Munkati m'mimba mwa munthu si thumba la chimanga loti aliyense azimasula. Ine ndinakukalipirani ngati mwana, mpaka munakwera minibasi osandiyang'ana.

Atakubwezani ku wodi ndinakugwirani dzanja, n'kukupemphani kuti ngati mwandikhululukira mundifinye. Simunafinye. Maso anali otsegula pang'ono, msozi ukutsikira kukhutu, koma zala zili lobodo. Mumtima ndinati mayi awa ndi mkwiyo wawo. Namwino atadutsa ndinamuuza kuti mukupumula, asakuvuteni, ine n'kupita kumpopi kukachapa chitenje chanu. Pobwera ndinapeza anthu atazungulira bedi. Zaka zinayi zonsezi ndakhala ndikukhulupirira kuti munapita mutandikwiyira.

Tsopano ndikuphunzira ntchito yogonetsa odwala pa opaleshoni, ndipo sabata yatha tinafika pa phunziro limene landilanda mtendere. Kuti chala chipindike, mtsempha umabweretsa uthenga n'kuupatsira mnofu, monga sitima zimapatsirana katundu pa Nkaya paja. Pa opaleshoni timapereka mankhwala olefula minofu, amene amatseka malo opatsiranawo kwa kanthawi kuti thupi lisalimbane ndi dokotala. Palinso jakisoni wa dzanzi amene amabaya mozungulira bala kuti munthu asadzuke ndi ululu. Akachuluka n'kulowa m'magazi, nayenso amafooketsa uthenga pamalo omwewo. Awiriwa akakumana, kulefuka kuja kumachedwa kutha. Munthu amadzuka, amamva zonse, koma thupi silimumvera. Ndipo chimene chimakoka mpweya m'chifuwa nacho ndi mnofu.

Sindingalumbire kuti ndi zimenezi zinakutengani, poti faelo yanu akuti inasowa. Koma ndikukumbukira adokotala akundiuza monyadira kuti pabala akubayani wa dzanzi wokwanira. Ndikukayikanso ngati alipo amene anakuuzani kuti mudzutse mutu papilo, kapena mufinye dzanja lake, asanakutulutseni m'chipinda cha opaleshoni. Kuyesa kwake n'komweko, amayi, sikufuna magetsi kapena makina. Amene anakuyesani ndi ine ndekha, ndipo yankho lake ndinalimva molakwa.

Munkakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Ine phula ndalidya, ndipo likuwawabe. Ndakwiyira amene anafulumira kukutulutsani, ndakwiyira achimwene amene akundida pa chifukwa cholakwika. Kale ndinkalira kuti simunandikhululukire. Lero ndikuopa kuti munandikhululukira, munkayesetsa kufinya, munkafuna mpweya, ine n'kubweza namwino.

Achimwene sindinawauze. Ndayamba ndi inu.

Ndikukulonjezani chimodzi. Wodwala wanga aliyense sadzachoka pamaso panga asanandifinye dzanja mpaka lindipweteke, ngakhale adokotala achite kundikalipira kuti ndikuchedwetsa mzere.

Ndimakukondani, amayi. Dzanja langa ndi lomwe lija.

Ine mwana wanu,
Hawa